Nkhanga Zinapangana Kusanapse: Fani ya Magetsi pa Galimoto Yakale

Injini ya galimoto imayenda ndi moto, koma moto umenewo suthera wonse ku mateyala. Pa mafuta amene apsa m'kati mwake, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, nthawi zina osakwana n'komwe, ndilo limasanduka mphamvu yokankha galimoto. Gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limalowerera m'zitsulo za injiniyo. Lotsalali ndilo madzi amalinyamula kupita nalo ku rediyeta, kumene amadutsa m'timachubu tambirimbiri, mphepo n'kumawaziziritsa popyola pakati pa timalata topyapyala tolumikiza timachubuto. Galimoto ikamathamanga pa msewu wabwino mphepo imadzilowera yokha. Ikachepetsa liwiro, kapena ikaima injini ikulira, mphepoyo imachita kukokedwa, ndipo woikoka ndi fani.

M'boma la Marávia, kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, galimoto sithamanga kawirikawiri. Msewu wa N303, umene umapatuka pa Bene n'kudzera ku Fíngoè, likulu la bomali, mpaka ku Zumbo, wakhala wafumbi kwa zaka zambiri, ndipo timisewu tolowera ku Chiputo, Chipera ndi Malowera timafuna giya yaing'ono ndi mtima wautali. Galimoto yosenza mabelo a fodya, matumba a chimanga kapena nsomba zouma za kunyanja, anthu atakhala pamwamba pa katunduyo, imakwera zitunda mokwawa, injini ikulira mwamphamvu koma mphepo yolowa kutsogolo palibe. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene chigwa cha Zambezi chimatentha kupitirira madigiri 40, mphepo imene fani ikukokayo imakhala yofunda kale isanafike pa rediyeta.

Miyezi yomweyo ndiyo tchire limapsa. Makolo a dera limeneli, limene dzina lake lenilenilo likuchokera kwa Amaravi, anaona zimene mbalame zimachita moto ukabuka m'thengo, ndipo anasiya mawu akuti nkhanga zinapangana kusanapse. Lawi likafika, nthawi yokambirana kothawira palibe. Gulu limene lakumananso kutsidya kwa lupsa ndi limene linagwirizana kale kokakumana. Mawaya a fani ya magetsi ndi pangano la mtundu womwewo. Tsiku limene makaniko akuwamanga, galimoto ili pamthunzi ndipo injini ili yozizira, ndi tsiku limene kachipangizo kalikonse kamauzidwa chodzachita kukadzatentha: aka kadzatseka madzi akafika pa madigiri akuti, aka kadzanyamula moto wochuluka chakuti, aka kadzapsa kuti tinzake tisapse. Dalaivala amene ali pakati pa chitunda sangasinthenso kanthu. Amangokolola zimene zinapanganidwa pamthunzi paja.

Magalimoto akale a m'gulu la Land Rover Series, Hilux zoyambirira ndi Land Cruiser 70 imene Toyota inayamba kupanga mu 1984, anatuluka ku fakitale ndi fani yozungulitsidwa ndi lamba. Fani yotere imatsatira injini: injini ikalira kwambiri nayo imazungulira kwambiri, ikalira pang'ono nayo imafooka. Pa ina pamakhala kabokosi ka mafuta olimba pakati pa gudumu la lamba ndi mapiko, kamene kamagwira kukatentha n'kumasula kukazizira. Fani ya magetsi inafala pamene opanga magalimoto anayamba kugoneka injini chopingasa, monga pa Fiat 128 ya 1969 ndi Volkswagen Golf ya 1974, chifukwa injini yogona choncho lamba wake amayang'ana kumbali pamene rediyeta ili kutsogolo. Corolla inatsata njirayi mu 1983. Nawo mafani amene amakaniko amaika pa magalimoto akale, ambiri amachotsedwa m'zigoba za timagalimoto ta mtundu umenewo.

Apa pofunika kunena chimene wogulitsa zitsulo sangathamangire kunena. Fani ya magetsi siposa ya lamba pa galimoto iliyonse. Pa galimoto ya dizilo yolemedwa, yokwera phiri pa giya yoyamba injini ikuzungulira kwambiri, fani ya lamba yaikulu imene kabokosi kake kali bwino imakoka mphepo yochuluka kuposa kafani kamene kanapangidwira Corolla. Kuchotsa yaikuluyo n'kuikapo yaing'ono ndi kusinthitsa khasu ndi chipande. Fani ya magetsi imapindulitsa pamene ya lamba yathyoka ndipo ina sikupezeka, pamene injini yasinthidwa ndipo yatsopanoyo sikulunjika pa rediyeta, kapena pamene yaikidwa kutsogolo kwa rediyeta kuti izithandizira ya lamba galimoto ikamakwawa. Ili ndi ubwino winanso m'dzinja: powoloka mtsinje wopanda mlatho ingathe kuzimitsidwa, mapiko ake osamenya madzi n'kupindikira mu rediyeta.

Pangano loyamba ndi la manambala atatu, ndipo atatuwo ayenera kutsatana. Themositati, kachitseko kamene kamatsekereza madzi m'injini mpaka itafunda, pa injini zambiri zakale imayamba kutseguka pa madigiri 82 kapena 88. Switchi ya kutentha, imene imakhala yomira m'madzi a rediyeta kapena pa paipi yake, iyenera kuyatsa fani pamwamba pa mlingo umenewo, mwachitsanzo pa madigiri 92 mpaka 95 ngati themositati ndi ya 82, n'kuizimitsa madziwo akatsika ndi madigiri asanu kapena kuposerapo pang'ono. Nambala yachitatu ndi pamene madzi amawira. Mumphika wosavundikira amawira pa 100, koma chitsekero cha rediyeta chimawapanikiza ndi mphamvu ya pafupifupi bar imodzi, ndipo akapanikizidwa choncho sawira mpaka cha m'ma 120. Switchi ikakhala ya mlingo wotsika kuposa themositati, fani imayaka n'kusazimanso, chifukwa ikulimbana ndi kachitseko kamene kakufuna kuti injini ifunde. Chitsekero chikakhala chotha mphira, madzi amawira fani isanaitanidwe n'komwe. Ndiye chitsekero cha ndalama zochepa chimatha kunamizira fani mlandu umene sinapalamule.

Pangano lachiwiri ndi la moto, monga mmene anthu amatchulira magetsi oyenda m'waya. Tsidya lina la nyanja, ku Songo, damu la Cahora Bassa limene linatha kumangidwa mu 1974 lili ndi makina otha kupanga mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa magetsiwo amapita ku South Africa. Galimoto yakale ya kumpoto kwa nyanjayo sipindula nawo kanthu: dziko lake lonse ndi batire la mavolti 12 ndi alternator imene pa magalimoto akale imapereka maampeya 35 mpaka 45 basi, ndiponso osafika pamenepo injini ikamalira pang'onopang'ono. Akale kwambiri, a dayinamo, amangopitirira 20 pang'ono. Fani yaikulu bwino imadya maampeya 10 mpaka 20 ikamazungulira, ndipo pa kamphindi koyambira imakoka kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Usiku, nyale zikuluzikulu ziwiri zikudya ena pafupifupi 10, nkhokwe imakhala yatsala pang'ono kuoneka pansi. Woika fani amene sanayang'ane kaye mphamvu ya alternator amachiritsa kutentha n'kubweretsa matenda a batire. Ayeneranso kuona ngati galimotoyo si ya mavolti 24, monga ma Land Cruiser ena a dizilo, chifukwa fani ya 12 pamenepo imazungulira mwamisala kanthawi kochepa kenako n'kununkha.

Moto wochuluka chotere sungadutse m'switchi ya kutentha kapena pa kiyi popanda kuwotcha timilomo take. N'chifukwa chake pakati pamakhala relay, imene ku Tete amaitchula m'Chipwitikizi kuti relé, monga amatchulira fani kuti ventoinha. Ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, ndipo m'kati mwake muli koyilo imene ikalandira moto wochepa, wosakwana theka la ampeya, imasanduka maginito n'kukoka kachitsulo kamene kamalumikiza mawaya awiri akuluakulu. Mwana amatumidwa kukaitana, wamkulu ndiye amabwera kudzasenza. Miyendo yake ili ndi manambala amene anachokera ku Germany ndipo afala pafupifupi pa relay iliyonse ya mtunduwu. Mwendo wa 30 umalandira waya wamkulu wochokera ku batire kudzera pa fyuzi. Wa 87 umapereka moto ku fani. Wa 86 ndi wa 85 ndi ya koyilo: 86 umalandira moto wochepa, ndipo 85 umapita ku switchi ya kutentha, imene ikatseka imaulumikiza ku chitsulo cha galimoto. Pa relay ya miyendo isanu pali 87a pakati, umene umakhala ndi moto koyilo ikakhala chete. Wolumikiza fani pamenepo amapeza ikuzungulira injini ili yozizira n'kuima ikatentha.

Kumene mwendo wa 86 utenge moto ndi nkhani yosankha. Ukautenga pa waya woyaka ndi kiyi, fani imazima pamodzi ndi injini. Ukautenga ku batire, fani imapitiriza kuzungulira injini itazima mpaka rediyeta itazizira, koma imathanso kudzuka yokha munthu ali ndi dzanja m'boneti, ndipo switchi ikamatirira imamaliza batire usiku umodzi. Kumudzi kumene galimoto ina yodzapatsa moto ingadutse mawa kapena mkuja, njira ya kiyi ndiyo yanzeru.

Moto umapita kumene kwatsala tchire, anatero akale, ndipo m'mawaya tchire lake ndi malo alionse opyapyala, omasuka kapena adzimbiri. Kutentha kwa waya kumakula msanga kuposa moto wodutsamo: moto ukachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. Waya wa 30 ndi wa 87 ayenera kukhala wa 2.5 mm² kapena 4 mm², osati uja wa sipika ya wailesi, ndipo nsonga zake zifinyidwe m'timakoko tachitsulo kapena ziwotchereredwe. Mfundo yongopota ndi zala n'kukulunga tepi imagwira sabata yoyamba. Fumbi ndi kugwedezeka kwa msewu zikailowa, tinsambo tina timaduka, totsalato timasenza moto wonse, pamfundopo pamafunda, tepi imasungunuka. Podutsa pa bowo la chitsulo waya amafuna mphete ya mphira, apo ayi m'mphepete mwa bowolo mumamudya pang'onopang'ono ngati chiswe. Fyuzi, ya maampeya 20 mpaka 30 malinga ndi fani ndi kukula kwa waya, imakhala pafupi ndi batire, osapitirira kutalika kwa mkono kuchokera pa mutu wake. Ambiri amaganiza kuti fyuzi imalondera fani. Imalondera waya, ndipo chigawo cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe mlonda.

Moto wopita uyenera kubwerera. Njira yobwerera ndi chitsulo cha galimoto chomwe, chimene amakaniko a ku Mozambique amati massa ndipo a ku Malawi ndi ku Zambia amati earth. Waya wachiwiri wa fani amamangidwa ndi bawuti pa chitsulo chopalidwa mpaka kuwala, chopanda penti kapena dzimbiri, ndipo akhale wonenepa ngati mnzake wopita. Pa galimoto ya zaka makumi anayi, imene thupi lake ndi chasisi zangogwirana ndi mabawuti adzimbiri, ndi bwino kumubweza ku batire kwenikweniko. Ma Land Rover ambiri opangidwa chaka cha 1967 chisanafike ali ndi zawo zina: mbali ya pozitivi ndiyo inalumikizidwa ku chitsulo, ndiye woikapo fani aone kaye ngati wina sanatembenuze kale. Mota ya fani wamba ikasinthanitsidwa mawaya imazungulira chobwerera. Fani ya kumbuyo kwa rediyeta iyenera kukoka, ya kutsogolo iyenera kukankha, ndipo zonse ziwiri mphepo ipite ku injini. Kapepala koikidwa kutsogolo kwa rediyeta kamaweruza nkhaniyi: kakamatirira, zili bwino; kakauluzika, fani ikulimbana ndi mphepo ya msewu, ndipo galimoto yotero imazizira ikaima n'kutentha ikayenda. Fani ikhalenso yoyandikira rediyeta, m'khola lake la pulasitiki kapena la malata, chifukwa ikakhala patali imangokoka mphepo ya m'mbali imene sinadutse m'timachubu.

Pali mankhwala awiri otchuka m'magalaja a m'madera otentha. Oyamba ndi kuchotsa themositati n'kulumikiza fani dayirekiti kuti iziyaka ndi kiyi. Amaoneka ngati anzeru, chifukwa singano ya geji ya kutentha sikweranso. Koma injini imene sifunda bwino m'mawa wa Juni pa mapiri a Fíngoè imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga m'kati, pamene mota ya fani, imene inapangidwa kuti izipuma, imadya mabulashi ake mpaka tsiku lina mu Novembala n'kuima. Enanso amasiya switchi ya kutentha n'kuika ya pamanja yokha pafupi ndi chiwongolero, ndiye kuti moyo wa injini wapachikidwa pa chikumbumtima cha munthu wotopa. Switchi ya pamanja ndi yabwino ikakhala yowonjezera, yolumikizidwa pambali pa inzakeyo. Mankhwala achiwiri ndi oipa kwambiri: fyuzi ikapsa kawiri, m'malo mwake amakulungamo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Fyuzi yopsa ikunena kuti penapake moto ukudutsa wopitirira muyeso, ndipo kuitseka pakamwa sikuchotsa chimene ikunenacho. Chotsatira kupsa chimakhala mtolo wonse wa mawaya, nthawi zina pamodzi ndi fodya wa chaka chonse ali kumbuyo.

Injini ikayamba kutentha, funso loyamba ndi lakuti kodi fani ndiyo yolakwa. Galimoto yotentha pokwawa ndi poima, koma yozizira ikafika pa msewu wothamanga, ikuloza ku fani. Yotentha ikamathamanga ikuloza kwina: njere za udzu ndi matope zotseka timalata, miyala ya madzi a m'chitsime yotseka timachubu m'kati, themositati yokana kutseguka, pampu yotha mapiko, lamba womasuka, kapena gasiketi ya mutu wa injini imene yayamba kulowetsa mpweya m'madzi. Madzi ayang'anidwe injini itazizira. Akachepa, switchi ya kutentha imatsala pamtunda m'nthunzi, siimva bwino, ndipo fani imakhala chete pamene injini ikuwira. Wosintha relay pa galimoto yotere akuthira mankhwala chala chosapweteka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woigogoda chigoba imabwerera m'kati, woidikira imatulutsa nyanga zake. Makaniko wopupuluma amasintha zipangizo chimodzichimodzi ndi ndalama za mwini galimoto mpaka mwamwayi fani izungulire. Wodekha amatenga babu ya mavolti 12 yokhala ndi mawaya awiri n'kufunsa aliyense wa m'pangano muja motsatana. Amayamba ndi fyuzi, kuona ngati mbali zake zonse ziwiri zili ndi moto. Kenako, kiyi ali woyatsa, amazula mawaya awiri a pa switchi ya kutentha n'kuwakhudzitsa, kapena ngati waya ndi mmodzi, kumukhudzitsa ku chitsulo. Fani ikazungulira, china chilichonse chili bwino, ndipo mlandu watsala pa switchiyo kapena pa madzi amene sakuifikira. Relay ikalira kuti kha koma fani ili duu, ndiye kuti mwana waitana koma wamkulu sanabwere: babu ifunse pa 30, kenako pa 87, kenako pa pulagi ya fani. Pamene babu yaleka kuyaka, vuto lili pakati pa malo amenewo ndi pamene inayaka komaliza. Relay ikapanda kulira n'komwe, afufuze moto pa 86 ndi waya wochoka pa 85 kupita ku switchi. Chomaliza ndi mota yomwe, imene imayesedwa ndi mawaya awiri ochokera ku batire. Mota yozungulira pokhapokha itagogodedwa ndi chogwirira cha sikuludiraiva yatha mabulashi, ndipo masiku ake ndi owerengeka.

Vuto lozunguza mutu ndi la fani yozungulira koma mwaulesi. Apa mita imatha kunama mosafuna. Ikaikidwa pa pulagi yozulidwa imaonetsa mavolti 12 ngakhale patatsala kansambo kamodzi kokha, chifukwa mitayo sidya moto. Choonadi chimaoneka fani ikuzungulira. Batire labwino limaonetsa 12.6 injini ili chete, ndi pakati pa 13.8 ndi 14.4 ikulira. Pa mota payenera kufika pafupifupi onsewo, osachepa ndi kupitirira theka la volti. Akachepa ndi awiri kapena atatu, ndiye kuti akutayika panjira, ndipo malo otayikirawo amadziulula okha chifukwa amafunda. Chala choyenda mosamala pa chogwirira fyuzi, pa miyendo ya relay ndi pa bawuti wa massa chimawapeza. Nthawi zambiri amakhala bawutiyo.

Fani yokana kuzima ili ndi zifukwa zochepa. Waya akazulidwa pa switchi fani n'kuima, switchi yamatirira. Ikapitiriza, ndiye kuti waya wa 85 wakhuzuka n'kukhudza chitsulo penapake, kapena timilomo ta relay tawotcherana. Fyuzi yopsa nthawi yomweyo ikunena za shoti. Yopsa patapita mphindi zingapo ikunena za mota yolimba ndi fumbi, imene mapiko ake sazungulira momasuka akakankhidwa ndi dzanja batire litazulidwa. Fani yogwira lero n'kukana mawa imapezeka pogwedeza mawaya amodziamodzi iyo ikuzungulira.

Zikachitikira panjira, singano itafika pofiira, galimoto iime pomwepo ndipo boneti itsegulidwe. Chitsekero cha rediyeta chisakhudzidwe mpaka paipi yapamwamba itafewa ndi kuzizira, chifukwa madzi opanikizidwa aja akamasulidwa amasanduka nthunzi nthawi imodzi n'kusupula nkhope. Madzi ozizira asathiridwe pa injini yotentha, chifukwa angaswe mutu wake. Relay ya hutala kapena ya nyale, ngati ili ya miyendo yofanana ndi mphamvu yokwanira, ingabwerekedwe. Ngati palibe, kachidutswa ka waya wonenepa kolumikiza bowo la 30 ndi la 87 kamayendetsa fani mosalekeza, fyuzi ili m'malo mwake, mpaka galimoto ikafike ku Fíngoè kapena pa Bene. Kawayako kazulidwe injini ikangozimitsidwa. Fani ya maampeya 15 imamaliza batire la 70 Ah m'maola osakwana asanu, ndipo mphamvu yolizira injini ya dizilo imakhala itatha kale nthawi imeneyo isanakwane.